Dzanja la Madamu a Wani

Pasukulu yonse panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Ankangoti Madamu a Wani, chifukwa chiyambireni ntchito yauphunzitsi sanasunthepo mu sitandade wani. Anzawo ankakwera makalasi, ena ankapatsidwa uhedi kwina, ena ankathawira m'maofesi momwe mulibe mamina, koma iwo chaka chilichonse ankaima pakhomo lomwe lija la chipinda chakumapeto, pafupi ndi mjigo, kulandira tiana tatsopano tolira, tina titakakamira siketi za amayi awo ngati tikupita kokabayidwa jakisoni. Ngakhale amuna awo akafuna kuwaputa ankauza alendo kuti iwo anakwatira munthu wobwereza kalasi, ndipo chaka chino sanakhozenso.

Ntchitoyo ankaikonda ndipo sankabisa. Ankati m'makalasi enamo mphunzitsi amangowonjezera pa zimene wazipeza, koma mu wani ndi momwe mutu wa mwana umatsegukira. Njira yawo inali imodzi, yomwe iwonso anaphunzirira ali mwana: kulemba pabolodi ba be bi bo bu, kuloza ndi kandodo, ana onse n'kuyankha pamodzi mpaka malata kunjenjemera. Anawo ankachuluka moti akakhala pansi, mphunzitsi ankasowa poponda. Madamu a Wani ankabwerera kunyumba miyendo itatupa, choko mpaka m'nsidze, koma mtima uli mbee.

Pansi pa chimwemwe chimenechi panali kachisoni kamene ankakadziwa amuna awo okha. M'chigulu choyankha pamodzi chija, Madamu ankadziwa kuti muli ana ena ongotsegula pakamwa kutsatira anzawo, ndipo panalibe njira yowasankhira. Chowawa kwambiri chinali chakuti tsiku limene mwana amayamba kuwerenga payekha silinkawapeza iwo. Linkapeza ena. Mayi wina ankawaimitsa pamsika n'kuwauza kuti mwana uja dzulo wawerenga chikwangwani cha pachigayo, bambo ake mpaka anatsika panjinga kuti abwerezenso. Madamu ankaseka, n'kuthokoza, koma popita kunyumba nsanje inkawadya. Ankalakalaka atakhala pansi ndi mwana mmodzi, phokoso lonse litatha, n'kumumva akulumikiza malembo mpaka mawu atatuluka. Zaka zinapita, imvi zinabwera, mwayi umenewo osaupeza.

Kenako makutu anayamba kuwathawa. Zinayamba atadwala matenda amene anawagoneka nyengo yonse ya mvula. Atachira anaona kuti mbalame za mumtengo wa kuseri kwa nyumba zasiya kulira, ketulo yasiya kuimba mluzu, ndipo anthu onse ayamba kuyankhula ngati ali ndi madzi m'kamwa. Amuna awo, omwe ntchito yawo inali yokonza mawailesi pakhonde, anatsegula wailesi ya pabalaza, kuipukuta, kuisintha sipika, chifukwa mayi ankangodandaula kuti yatha mawu. Ataibwezera pamalo pake ikulira moti agalu a aneba anayamba kuuwa, mayi anati bola pang'ono. Bambowo anaika zida zawo pansi n'kuwayang'ana akazi awo nthawi yaitali.

Kuchipatala anawauza mosapita m'mbali kuti zomwe zapita sizibwerera. Anawapatsa kachipangizo kovala m'khutu, koma m'kalasi ya ana ochuluka chonchija kankasandutsa phokoso kukhala mkokomo wobaya m'mutu, moti kanathera m'dirowa pamodzi ndi mabatani akale. Mawu aakulu a amuna awo ankawamvabe akayandikira. Mawu a ana, opyapyala aja, ndiwo anayamba kupita, ndipo anapitiratu.

Ntchito siinaime ayi. Kalasi yoyankha pamodzi imabisa mwana wosadziwa, imabisanso mphunzitsi wosamva. Madamu ankaloza pabolodi, pakamwa pa ana ponse n'kutseguka nthawi imodzi, iwo n'kunena kuti akhoza. Ndi akuluakulu anaphunzira kuyang'ana milomo, ndipo anthu akaseka, nawonso ankaseka. Ahedi, bambo wamtali wokonda kupereka moni ali kumbuyo kwa munthu, anangoganiza kuti ukalamba wawabweretsera matama.

Ndiye kunabwera njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga. Boma silitopa kusintha za m'sukulu, ndipo aphunzitsi akale anaona zambiri zikubwera ndi ng'oma n'kuchoka osatsanzika. Pa tchuthi anaitanidwa onse ku maphunziro, akuluakulu athunthu kudzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo kugunda pachifuwa. Mlangizi anafotokoza kuti kuyambira tsopano mwana aziphunzira liwu la lembo lililonse, osati dzina lake lokha. Mwana aliyense alandira buku lakelake loti azipita nalo kunyumba. Ndipo choyankha pamodzi chija chichepe: mwana aliyense aziwerengera mphunzitsi payekha, mphunzitsi amve ndi makutu ake kuti uyu wafika apa, uyu wakanirira apa. Aphunzitsi anang'ung'udza kuti amene analemba zimenezi abwere adzayese yekha ndi chigulu chija. Koma kunena zoona, ulendo uno boma linali litanena zanzeru.

Madamu a Wani anali atakhala kutsogolo, maso ali pamilomo ya mlangiziyo. Atamvetsa zomwe ankanena, anadzuka ngati akupita kuseri, n'kukaima kumbuyo kwa chipindacho pomwe panali mulu wa madesiki othyoka. Analira. Chinthu chimene anachilakalaka moyo wawo wonse chinabwera ndithu, chitalembedwa ngati lamulo, koma chinapeza makutu atapita.

Kunyumba amuna awo anawalangiza kuti akawauze ahedi zoona zake. Anayankhula atayandikira khutu, pang'onopang'ono, monga anazolowerera. Mayi anapukusa mutu.

"Andichotsa mu wani, bambo. Ndisiyeni chaka chino chokha, ndionepo mmene zimakhalira."

Bambowo anati mutu wa akazi awo ndi wouma kuposa wailesi yogwera m'madzi, koma sanawakakamize.

Masabata oyamba anali a njakata. Madamu anaika kabenchi pafupi ndi chitseko pomwe pamawala, ana ena n'kuwapatsa ntchito m'magulu, n'kumaitana mmodzimmodzi. Milomo inkawathandiza pa m, pa b, pa o. Koma ponya ndi phonya pamilomo ndi mapasa, ndipo kola ndi khola zimasiyanirana kukhosi komwe diso silifika. Ankangovomereza chilichonse, mtima ukuwatsutsa, podziwa kuti akuwanamiza ana a eni.

Njira inadzipeza yokha. Tsiku lina akuloza m'buku, mnyamata wina wa mphuno zotuluka anawerenga thumba, mpweya wake n'kuwomba fumbi la choko lomwe linali kunja kwa dzanja lawo. Madamu anadzidzimuka. Anamuuza kuti anene tumba. Fumbilo silinasunthe. Kuyambira pamenepo mwana akakhala pabenchi, buku pamiyendo, iwo ankaika kunja kwa dzanja pafupi ndi pakamwa pake, maso pamilomo. Posakhalitsa khungu linaphunzira zomwe khutu linasiya. Liwu la s linkabwera ngati kamphepo kozizira kolowera pa mng'alu wa chitseko, la f linali lotambalala, la m linkatuluka m'mphuno lofunda, ndipo h yense wobisala kumbuyo kwa p, t ndi k ankadziulula ndi kukankha kwake. Ana anaona ngati ndi masewera, moti ankalimbirana kukhala pabenchipo.

Ahedi atawafunsa tsiku lina ngati akukwanitsa kuwamva ana onsewo mmodzimmodzi, anayankha kuti akuwamva, ndipo silinali bodza lenileni. Chiyankhulo chathu chili ndi chifundo pamenepa. Munthu amamva ndi khutu, amamvanso kutentha ndi mphepo pakhungu, mawu ake amodzi omwewo. Madamu a Wani anabisala m'mawu amenewa teremu yathunthu.

M'kalasimo munali mwana wa atelala a pafupi ndi siteji ya basi. Kanali kamtsikana kochepa thupi, kovala yunifolomu yosokedwa bwino kuposa ya aliyense koma ya thumba la mtundu wina, chifukwa telala amasokera ana ake ndi zotsala. Kanali kamanyazi koopsa. Anzake akamaimba, iko kankayang'ana zala zake. Koma pabenchi paja kanamasuka. Milomo yake inkaumba lembo lililonse mosamala monga bambo ake amapindira m'mphepete mwa nsalu, ndipo mpweya wake sunkaphonya. Ndiye anali woyamba kulumikiza malembo kukhala mawu, n'kulumikiza mawuwo kukhala chiganizo chathunthu, chala chikuyenda pansi pa mzere, mpaka pampumiro. Atafika pamenepo anakweza maso kuwayang'ana Madamu, wodabwa yekha ndi zomwe wachita.

Tsiku limenelo Madamu anafika kunyumba akuyenda ngati mtsikana. Anawapeza amuna awo atawerama pa wailesi ya munthu, n'kuwauza kuti lero, pa ukalamba wawo uno, amumva mwana akuyamba kuwerenga. Bambowo anakweza mutu, anatsegula pakamwa, kenako anangomwetulira n'kuwasendezera mpando. Mayi anafotokoza nkhaniyo mpaka tiyi anazizira.

Madamu anamukonda mwanayo, ndipo kukondera kwawo kunkaonekera. Ankamuitana pabenchi kawirikawiri kuposa anzake, akudzinamiza kuti akufuna aone ngati sanaiwale.

Teremu yachiwiri ili mkati, nthawi ya buleki, Madamu anaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Anapezako atelala atakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, tepi yoyezera ili m'khosi, kamtsikana kaja kataima pakati pa mawondo awo ndi buku lake. Atelala ndi anthu ovuta kuwawerenga milomo, chifukwa anazolowera kuyankhula mapini ali pakamwa, ndipo awa anali ndi ndevu zophimba mlomo wam'mwamba. Nkhani yawo Madamu anaitola zidutswazidutswa, zina pamilomo, zina pankhope ya ahedi.

Sanabwere kudzadandaula. Anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha buku, kuti pa nthawi yawo buku linali limodzi, la aphunzitsi, ndipo mwana akaligwira ankalawa ndodo. Anati madzulo aliwonse akatseka makina amamuuza mwanayo kuti awawerengere, monga sukulu inapemphera makolo. Mwanayo sakana. Amatenga dzanja lawo, n'kuliika pakamwa pake, n'kuyamba. Apa atelala anamukodola mwanayo kuti awaonetse ahedi.

Kamtsikanako kanatsegula buku, kanagwira dzanja la bambo ake lokhala ndi zipsera za singano, kanalitembenuza bwinobwino n'kuliyandikiza pamilomo. Madamu anaona milomo ija ikuyenda mwaudongo monga mwa masiku onse, osaphonya lembo, ndipo kanthawi kochepa ananyada. Kenako anaona ahedi akuweramira kutsogolo. Anawerama, anaweramanso, mpaka anazungulira tebulo n'kuika khutu pafupi ndi mutu wa mwanayo, nkhope itakwinyika. Ndi pamene Madamu anazindikira chinthu chimene dzanja silikanawauza. Pakamwa pa mwanayo sipankatuluka mawu. Miyezi yonseyi ankawerenga ndi milomo ndi mpweya wokhawokha.

Atelala anakonza tepi yawo m'khosi n'kutembenukira kwa Madamu, ndipo ulendo uno anayankhula momveka, mwaulemu wonse.

"Pepani a Madamu, ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndimati mwina ndi malamulo atsopano a boma, kuti ana aziyamba ndi mpweya. Ndiye ndimangofuna ndidziwe, mawuwo amayamba mu sitandade chani? Chifukwa ndi mng'ono wakenso kunyumbaku wayamba kutiuzira m'manja."

Panalibe amene anaseka. Ahedi anawatsimikizira atelala kuti mwana wawo akuwerenga bwino kwambiri, ndipo za mawuzo sukulu iziona. Anawaperekeza mpaka pakhomo, mwanayo anamuuza kuti akasewere. Atabwerera anaima pawindo, msana uli kwa Madamu, kwa kanthawi. Kenako anatembenuka.

"Madamu, ndanena chiyani pamene ndinali pawindopa?"

Madamu anayang'ana manja awo. Choko chinali chitalowa m'ming'alu ya zala. Ahedi anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira moni wake yense amene sanayankhidwe. Sanakalipe. Anafunsa kuti zinayamba liti, n'chifukwa chiyani sanawauze, ndipo anayamba kufufuza njira zoti mwina awapatse wothandizana naye m'kalasimo. Madamu akanatha kugwira pamenepo, ndipo mtima wawo unkafunitsitsa. Koma ankaona kamtsikana kaja kakukula ndi kuwerenga kopanda mawu, n'kumadzifunsa kuti ndi ana angati pabenchi paja amene anaphunzira kuti kwa Madamu mawu alibe ntchito.

"Mwanayo sanalakwe, ahedi. Anandipatsa zomwe anaona kuti ndimalandira. Kalasiyo mupatseni wa makutu."

Sitandade wani inapita kwa mphunzitsi wachitsikana amene anali atangobwera kumene kuchokera ku koleji, yemwe ana anamutcha Madamu Aang'ono. Madamu a Wani anapatsidwa kachipinda kosungiramo mabuku atsopano aja. Ntchito yawo inakhala yowakutira, kumata masamba ong'ambika, kufufuta zithunzi za galimoto zomwe anyamata amajambula m'mphepete, ndi kukangana ndi chiswe. Dzina silinasinthe. Ana ankawaitanabe Madamu a Wani, ndipo nthawi iliyonse akaliona dzinalo pamilomo ya mwana linkawabaya.

Kachipindako kanayang'anizana ndi kalasi yawo yakale. Amuna awo anawauza kuti apemphe ahedi awasamutsire kwina, asamadzizunze, koma iwo anakana. Ankakhala pafupi ndi chitseko, guluu ndi sizasi pamiyendo, maso ali kutsidya. Ankamuona Madamu Aang'ono akulakwitsa zomwe iwonso ankalakwitsa poyamba, kuthamangitsa phunziro, kuiwala ana akumbuyo, kupsa mtima ndi opempha kupita kuseri. Koma ankamuonanso akupendeka mutu mwana akamawerenga, n'kumukonza asanamalize n'komwe, osayang'ana pakamwa pake. Ankamusirira kwambiri mphunzitsi wachitsikanayo.

Za mwana wa atelala ankazimva kwa mphunzitsi watsopanoyo, yemwe ankabwera kudzatenga mabuku ndipo anaphunzira msanga kuima powala akamayankhula nawo. Anati mwanayo ndi wovuta. Akamuuza kuti akweze mawu, amangoyang'ana pansi misozi ili lengelenge. Panja posewera amayankhula pang'ono, koma akangotsegula buku mawu satuluka. Madamu a Wani anamupempha kuti asamukalipire, ayambe kumuwerengetsa pamodzi ndi mnzake mmodzi, kenako mnzakeyo azisiya pang'onopang'ono. Akatero ankatsala okha ndi mabuku, akudziimba mlandu.

Zinatenga nthawi. Mmawa wina wa mphepo, akumata chikuto cha buku, anakweza maso n'kuona kudzera pakhomo la kalasi kuti kamtsikana kaja kaimirira, buku lili m'manja onse awiri. Anaona milomo ija ikuyamba kuyenda. Ndiye mitu yonse ya ana, ngakhale ya osewera kumbuyo, inatembenuka nthawi imodzi. Mnyamata wina anagwira pakamwa akuseka. Madamu Aang'ono anaima chilili, choko chili m'mwamba, mpaka mwanayo anafika kumapeto kwa tsamba, ndipo ana anayamba kuwomba m'manja asanauzidwe. Madamu a Wani anadziwa kuti mawu atuluka. Kwa iwo bwalo lonse linali zii monga mwa masiku onse.

Belu la buleki litalira, sanadikire kuti Madamu Aang'ono abwere. Anawoloka bwalo, guluu akadali m'zala, n'kumugwira mkono pakhomo pomwe. Iye anayamba kufotokoza mosangalala kuti mwana uja lero wawerenga mokweza, koma iwo anamudula.

"Ndaona, mwanangu. Tandiuza, mawu ake ndi otani?"

Madamu Aang'ono anasowa poyambira. Mawu a munthu si nsalu yoti unene mtundu wake. Anati ndi aakulu, oti sungakhulupirire kuti akutuluka m'kathupi kaja. Anati ndi okhuthala, osasa pang'ono. Anaganizanso, kenako anaseka mwamanyazi.

"Ana amasekatu chifukwa akuwerenga ngati inuyo, Madamu. Kukuwa kwake, kakokedwe ka kumapeto kwa mawu, ngakhale kutsokomola asanayambe. Ndi mawu anu enieni."

Madamu a Wani anagwedeza mutu, anamusiya mkono, anabwerera ku kachipinda kawo. Anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita masana. Pamulu wa mabuku odikira guluu anatengapo limodzi, natsegula tsamba lomwe mwanayo amawerenga. Anatsokomola, n'kuwerenga mzere woyamba mokweza, atatchera khutu kuti amumve mwana wa atelala. Chomwe chinawafika chinali ngati munthu akuyankhula kuseri kwa khoma, m'nyumba ya eni, mawu ake osazindikirika. Anakweza mawu n'kuyambiranso.